Agalu Ofatsa ndi Ndalama za Boma: Ndemanga ya Buku la Lab Dog

M'chaka cha 2022 agalu pafupifupi 4,000 a mtundu wa beagle anatulutsidwa m'makhola a kampani ya Envigo ku Cumberland, m'chigawo cha Virginia ku America, boma litapeza kuti ankasungidwa mwankhanza. Agaluwa sanabadwire kulondera pakhomo kapena kupita ku uzimba. Anabadwira kuti akagulitsidwe ku malabotale, aliyense ali ndi chizindikiro cholembedwa mkati mwa khutu m'malo mwa dzina. Patapita zaka ziwiri, nkhaniyi inathera kukhoti ndi chindapusa choposa madola 35 miliyoni. Anthu amene anaona zithunzi za agaluwo anakwiyira kampaniyo, ndipo n'zomveka. Koma Brad Bolman, wolemba mbiri ya sayansi wa pa yunivesite ya Tulane ku New Orleans, wabwerera kumbuyo kwambiri. Iye akufunsa kuti zinayamba bwanji kuti kagalu ka makutu ogwa, kosaka akalulu, kayambe kuwetedwa mwaunyinji ngati nkhuku za mazira, ndipo ndani ankapereka ndalama zake.

Yankho lili m'buku lake, Lab Dog: What Global Science Owes American Beagles, limene linatuluka mu 2025 ku University of Chicago Press. Chaka chomwecho kunatulukanso buku lina lotchedwa Lab Dog, la mtolankhani Melanie Kaplan, lonena za galu amene mayiyu anamutenga atachoka mu labotale, pogula musasokoneze. La Bolman ndi la mbiri. Likutsata galu wa mtundu umodzi kwa zaka zoposa 100, kuchoka kwa asayansi a zachibadwa, kudzera ku bomba la atomiki, ku mankhwala olera ndi ku fodya, mpaka ku matenda oiwalaiwala a ukalamba.

Chimene chandigwira mtima m'nkhani yonseyi n'chakuti beagle sanasankhidwe chifukwa chofanana ndi munthu kuposa agalu anzake. Anasankhidwa chifukwa ndi wosavuta. Ndi wamng'ono, wolemera makilogalamu 10 kapena kupitirirako pang'ono, choncho sadya zambiri ndipo sadzaza malo. Poti makolo ake ankasaka m'magulu, amakhala ndi anzake m'khola limodzi osalumana. Ukamubaya jakisoni lero, mawa akakuona akugwedezerabe mchira. Vuto lake linali kuuwa, ndipo m'malabotale ena ankamuchita opaleshoni pakhosi kuti mawu athe. Kufatsa kumeneku ndi kumene kunachititsa mabanja a ku America kumukonda, moti kuyambira 1953 mpaka 1959 unali mtundu wa galu wotchuka koposa m'dzikomo, nthawi yomweyo imene Snoopy wa m'zojambula za Charles Schulz ankaseketsa ana m'nyuzipepala. Kufatsa komweko ndi kumene kunamutsekera m'khola.

Kale asayansi ankagwiritsa ntchito galu aliyense amene wapezeka, kaya wogwidwa mumsewu kaya wogulidwa kwa munthu amene safunsidwa kumene wamutenga. Galu wotere sudziwa zaka zake, sudziwa zimene wadwalapo, ndipo zotsatira za labotale ina sizinkagwirizana ndi za ina. Pankafunika galu wodziwika mtundu, wofanana ndi mnzake kulikonse kumene ali. Bolman akuonetsa kuti maganizo amenewa anamera pafupi kwambiri ndi chiphunzitso cha eugenics, chimene chinkati anthu oonedwa ngati apamwamba ndiwo aziberekana, ena onse aletsedwe kubereka. Leon Whitney, amene anali mlembi wamkulu wa American Eugenics Society ndipo mu 1934 analemba buku lolimbikitsa kutseka anthu kubereka, analinso woweta agalu wodziwika. Charles Stockard wa ku Cornell, ndi ndalama za Rockefeller, anakhazikitsa famu ya agalu kumene ankakweretsa mitundu yosiyanasiyana pofuna kuphunzirapo za chibadwa cha anthu. Mbiri imeneyi ndi yonyansa, ndipo wolemba wachita bwino kuyambira pomwepo.

Mbali imene ndinaiwerenga modekha kwambiri ndi ya nyukiliya, chifukwa ndi pamene ndalama za boma zikuoneka poyera. Plutonium, chitsulo chimene chinali mu bomba la ku Nagasaki, chinali chachilendo; anachitulukira mu 1941. Anthu zikwizikwi ankagwira nacho ntchito m'mafakitale a mabomba, koma panalibe wodziwa kuti thupi lingapirire chochuluka bwanji. Chimene chinkadziwika ndi radium. M'zaka za m'ma 1920 atsikana opaka utoto wa radium wowala usiku pa mawotchi, ku New Jersey ndi ku Illinois, ankasongola burashi ndi milomo, ndipo ambiri anawola nsagwada ndi kufa ndi khansa ya m'mafupa. Kuchokera pa imfa zawo madokotala anadziwa muyezo wa radium umene umapha munthu. Ndiye nzeru inali iyi: bayani agalu ena radium, ena plutonium, dikirani moyo wawo wonse, muone kuti plutonium ikuposa radium kangati pa kuipa kwake, kenako mugwiritse ntchito kusiyana kumeneko poyeza chiopsezo cha munthu. Khoswe sakanathandiza, chifukwa amafa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, khansa ya m'mafupa isanaonekere bwino, komanso mafupa ake sakula ndi kudzikonza monga a munthu. Beagle amakhala zaka 12 mpaka 15.

Kafukufuku wodikira galu kuti akalambe safuna ndalama za chaka chimodzi. Amafuna wopereka amene satopa, ndipo m'nthawi ya mpikisano wa zida pakati pa America ndi Soviet Union wopereka wotere analipo: bungwe la boma la Atomic Energy Commission. Kuyambira 1950 linalipira gulu la agalu pa yunivesite ya Utah, kenako pa yunivesite ya California ku Davis, ku Argonne pafupi ndi Chicago, ku Hanford ndi ku Albuquerque. Ena ankabayidwa, ena ankapumitsidwa fumbi la plutonium. Ku Davis ankathira strontium-90 m'chakudya cha agalu aakazi ali ndi bere, ndipo ana awo ankapitiriza kudya mpaka atakwana chaka ndi theka. Chifukwa chake chinali chakuti mabomba oyeseredwa mumlengalenga ankagwetsa strontium pa msipu, ng'ombe n'kudya, n'kulowa mumkaka, mpaka kukapezeka m'mano a ana a anthu. Agalu pafupifupi 7,000 anathera m'mapulojekiti amenewa m'zaka zoposa 30. Malo a ku Davis anaipitsidwa kwambiri moti mu 1994 boma linawaika pa mndandanda wa malo oopsa ofunika kuyeretsedwa. Kumeneko n'komwenso kunachokera buku la A. C. Andersen la mu 1970, The Beagle as an Experimental Dog, limene linapatsa asayansi a kulikonse miyezo ya magazi, mafupa ndi ziwalo za galuyu. Miyezo ikangopezeka ya mtundu umodzi, wofufuza aliyense wobwera pambuyo amasankha mtundu womwewo kuti asayambirenso pachiyambi. Umu ndi mmene chosankha cha bungwe limodzi la mabomba chinasandukira chizolowezi cha dziko lonse.

Pali chinthu china chovuta kuchimeza, chimene Bolman sakuchithawa. Poti agaluwa ankayenera kukhala moyo wautali kuti imfa yawo ikhale ya poizoniyo osati ya njoka zam'mimba, ankasamalidwa kuposa agalu ambiri apakhomo: chakudya choyezedwa, katemera, dokotala wa ziweto pafupi. Zambiri zimene madokotala a ziweto amadziwa lero za kakulidwe ndi ukalamba wa galu zinachokera m'makhola amenewa. Chisamaliro ndi chiwonongeko zinali m'dzanja limodzi. Ndipo tisaiwale kuti ntchito ya mabomba yomweyi inafikanso pa anthu. Pakati pa 1945 ndi 1947 odwala 18 anabayidwa plutonium popanda kuuzidwa bwinobwino; woyamba anali Ebb Cade, mmisiri wakuda amene anagonekedwa m'chipatala ku Oak Ridge atachita ngozi ya galimoto. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malamulo a mankhwala ndiwo anamaliza ntchitoyo. Mu 1937 mankhwala amadzi a sulfanilamide anapha anthu oposa 100 ku America, ndipo lamulo la 1938 linafuna umboni wa chitetezo mankhwala asanagulitsidwe. Mankhwala a thalidomide atalemaza ana zikwi zambiri m'mimba mwa amayi awo, lamulo la 1962 linakhwimitsa zinthu. Chizolowezi chinakhala chakuti mankhwala atsopano ayesedwe pa khoswe kapena mbewa, komanso pa nyama ina yokulirapo. Nyama yokulirapoyo kawirikawiri inali beagle, ndipo makampani oweta agalu ogulitsa ku malabotale anakula kuchokera pamenepo.

Apa ndi pamene bukuli likufika pakhomo pathu, ngakhale mlembi sanalembere ife. Mayi aliyense amene amapita ku sikelo kapena ku Banja La Mtsogolo kukabayitsa jakisoni wa miyezi itatu akulandira mankhwala amene anazunguza mitu ya akatswiri chifukwa cha agalu amenewa. Depo-Provera, wa kampani ya Upjohn ya ku Kalamazoo, anayesedwa pa agalu aakazi kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ena anatuluka zotupa m'mawere, zina za khansa. Mu 1978 bungwe la boma loona za mankhwala, la FDA, linakana kuti akhale njira yolera ku America, ndipo silinavomere mpaka 1992. Koma zaka zonsezo mankhwalawa ankaperekedwa kwa amayi m'mayiko ambirimbiri a mu Africa, Asia ndi Latin America. Ku Rhodesia ya Ian Smith ankabayidwa kwambiri amayi akuda, makamaka a m'mafamu a azungu, ndipo Zimbabwe italandira ufulu nduna ya zaumoyo, Herbert Ushewokunze, inawaletsa mu 1981. Funso la amayi a nthawi imeneyo linali lolunjika: ngati galu wanena kuti mankhwalawa ndi oopsa kwa mkazi wa ku America, bwanji sakunena zomwezo za ine?

Akatswiri a World Health Organization anayankha kuti galu si chitsanzo choyenera pa mahomoni a mtundu umenewu, ndipo sayansi inadzawavomereza. Galu wamkazi sasamba mwezi ndi mwezi monga munthu, amatuluka zotupa za m'mawere kawirikawiri ngakhale popanda mankhwala, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti mahomoniwa amachititsa mawere a galu kutulutsa homoni yokulitsa thupi mochuluka. Kafukufuku wa WHO wa mu 1991, wochitika pa amayi enieni ku Kenya, Mexico ndi Thailand, sanapeze kuti jakisoniyu amawonjezera kwambiri chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Sindikulemba izi kuti mayi wina aleke jakisoni. Kafukufuku wa m'dziko muno wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi apabanja 30 mwa 100 aliwonse amalera ndi jakisoni, ndipo jakisoniyu wapulumutsa miyoyo yambiri. Chimene chikundiwawa n'china. Agalu anadwala ndi kuphedwa kwa zaka, chifukwa lamulo linati galu ndiye mboni. Mboniyo itanena zosakondweretsa, panapezeka zifukwa zoti si mboni yabwino. Zifukwazo zinali zoona, komatu zikanafufuzidwa agaluwo asanabayidwe. Ndipo yankho lenileni linachokera kwa amayi a m'mayiko osauka, amene anali atalandira kale mankhwalawo kwa zaka zambiri pamene mkangano unali mkati.

Nkhani ya fodya ikubwereza zomwezo mopweteka kwambiri. Pofika 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anali ataonetsa kale kugwirizana kwa kusuta ndi khansa ya m'mapapo, ndipo mu 1964 lipoti la dokotala wamkulu wa boma la America linatsimikiza. Makampani a ndudu anakakamira pa mfundo imodzi: izi ndi ziwerengero chabe, tionetseni nyama imene yadwala khansa chifukwa chokoka utsi. Oscar Auerbach, dokotala wa pachipatala cha asilikali opuma ku East Orange, New Jersey, ndi E. Cuyler Hammond wa American Cancer Society, anavomera kuyankha. Anaboola pakhosi agalu 86, n'kuwaphunzitsa kukoka utsi wa ndudu kudzera pa chibowocho tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa ziwiri. Mu February 1970 analengeza kuti ena mwa agaluwo atuluka zotupa m'mapapo. Makampani sanagonje, anatsutsa mmene kafukufukuyo anachitidwira, nati galu wosuta pa chibowo cha pakhosi si munthu wosuta ndi pakamwa. Patapita zaka zisanu, ku Britain, mtolankhani Mary Beith anajambula agalu a beagle omangidwa pamzere akusutitsidwa mu labotale ya kampani ya ICI, imene inkayesa chinthu cholowa m'malo mwa fodya. Kumeneko galu anali mboni yokwanira, chifukwa umboni wake unkayembekezeka kugulitsa katundu.

Auerbach anali kumbali ya choonadi, ndipo sindikumuika m'gulu limodzi ndi amene ankamutsutsa. Koma agalu akewo anavutikira funso limene manda a anthu anali atayankha kale. Anafera mkangano umene makampani ankausunga wamoyo mwadala. Ife amene timalima burley ndi kumugulitsa ku okushoni ku Kanengo ndi ku Limbe tili kumapeto ena a chingwe chomwechi, ndipo mutu umenewu suwerengeka mopepuka.

Bukuli lilinso ndi mbali yowala. Ku Jackson Laboratory ku Bar Harbor, John Paul Scott ndi John Fuller anatha zaka 13 akuyang'ana kakulidwe ka ana a agalu a mitundu isanu, mwa iyo beagle ndi basenji wa kuno ku Africa. Buku lawo la mu 1965 ndilo linaphunzitsa dziko kuti kamwana ka galu kamafunika kuzolowera anthu pakati pa sabata yachitatu ndi ya 12. Pambuyo pake asayansi a ku Toronto ndi ku Irvine anapeza kuti beagle wokalamba amaiwala, ndipo mu ubongo wake mumaunjikana zinthu zofanana ndi za odwala Alzheimer. Mfundo ya Bolman pano ndi yakuya: labotale imene inkagwiritsa ntchito galu ngati chipangizo ndi yomwenso inatsimikizira anthu kuti galu amaganiza, amasungulumwa, amafuna anzake. Umboni wotsutsa khola unachokera m'khola momwemo.

Ndili ndi zodandaula ziwiri. Choyamba n'chakuti buku la galu limakoka chifundo kupita kumene chili kale chambiri. Lamulo la America loteteza nyama za m'malabotale linabwera mu 1966 chifukwa cha galu, Pepper, amene anabedwa ku Pennsylvania n'kukafera pa tebulo la kafukufuku ku New York, ndipo pulezidenti amene analisaina, Lyndon Johnson, anali woweta beagle. Agalu amawerengedwa: anali oposa 200,000 mu 1979, pamene masiku ano ali pakati pa 40,000 ndi 60,000 pachaka. Koma mbewa ndi makoswe, amene ndiwo ochuluka kwambiri m'malabotale, lamulolo siliwateteza, ndipo mu 2002 nyumba ya malamulo inalemba poyera kuti sali m'gulu la nyama zotetezedwa. Wowerenga akhoza kutseka bukuli akuganiza kuti agalu akatuluka nkhani yatha. Chachiwiri n'chakuti maso a bukuli ali ku America, monga mutu wake ukunenera. Mayi wa ku famu ya ku Rhodesia kapena mlimi wa fodya wa ku Kasungu, wowerenga wa kuno ayenera kuwaika yekha m'nkhaniyi.

Mutu wa bukuli ukunena za ngongole imene sayansi ili nayo kwa agaluwa, ndipo ngongoleyo ndi yeniyeni. Malire oteteza ogwira ntchito ndi zinthu za nyukiliya, ndi mankhwala ambiri amene timalandira pa windo la chipatala, anadutsa m'matupi awo. Sindili m'gulu la onena kuti zonsezo zinali zopanda phindu. Koma galu sanavomere kalikonse, ndipo amene anafa sangabwezeredwe. Chimene ndatenga m'mbiri imeneyi n'chakuti funso loyamba lisamapite kwa wogwira jakisoni yekha. Lizipita kwa wosaina cheke, kaya ndi boma, kaya ndi kampani, kaya ndi bungwe lothandiza: kodi funso lanuli silinayankhidwe kale, kodi mwatsimikiza kuti nyamayi ingaliyankhe, ndipo ikayankha zimene simukufuna mudzavomera? William Russell ndi Rex Burch analemba kale mu 1959 kuti nyama zilowedwe m'malo ndi njira zina pamene zingatheke, zichepetsedwe, ndipo ululu wawo uchepe. Mfundozo zimatchulidwa pa mafomu ambiri opempha ndalama za kafukufuku, koma zimagwira ntchito pokhapokha wopereka ndalamayo atakhala wokonzeka kukana pempho.

Bukuli linatuluka zinthu zikusuntha. Mu December 2022 America inachotsa m'lamulo mawu okakamiza kuti mankhwala onse atsopano ayesedwe pa nyama, ndipo mu April 2025 FDA inalengeza dongosolo loyamba kuchepetsa mayesowo pa mitundu ina ya mankhwala, pogwiritsa ntchito maselo a munthu oleredwa mu labotale ndi makompyuta. Komabe kampani ya Marshall ikuwetabe agalu ogulitsa ku malabotale ku North Rose, New York, ndi pafupi ndi Huntingdon ku England, kumene anthu otsutsa akhala akugona m'matenti pa geti kuyambira 2021. Njira zatsopanozo nazonso zili ndi eni ake ofuna kuzigulitsa, ndipo tsiku lina zidzanena zosakondweretsa kampani ina. Amene wawerenga za Depo ndi za ndudu adzadziwa zoyang'ana tsiku limenelo.

Chingerezi cha Bolman n'chosavuta poyerekeza ndi mabuku ambiri a ku yunivesite, ngakhale mayina a mabungwe ndi a asayansi ndi ochuluka ndipo amafuna kudekha. Si buku lopezeka wamba m'masitolo a kuno. Ndikanakonda malaibulale a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku Bunda, kumene amaphunzitsa madokotala a ziweto, ataliitanitsa, komanso kuti amene amakhala m'makomiti ovomereza kafukufuku m'dziko muno, kumene ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja, ayambe ndi nkhani ya jakisoni wolera.